Uta wa pa Mtumbira wa Abambo

Mwati ndinene za uta uja. Ndinena, koma wina asandidule mawu, pakuti kudula mawu ndiye ntchito imene anthu a mudzi uno mumaidziwa. Abambo anga munkawadula ali moyo, ndipo atafa munawadulanso.

Abambo, a Kalinda Mbewe, ndiwo anali munthu womaliza kusema mauta kuno kumunsi kwa Dzalanyama. Nyama zinatha, uzimba unaletsedwa, anzawo onse anasiya, koma iwo ankasemabe. Uta wa iwo eni unali wa mpangala, wakuda ndi utsi ndi thukuta, ndipo kumsana kwake kunali khungwa lomwe mtengowo unabadwa nalo. Ankati uta umasemedwa kumimba kokha, mbali imene imayang'ana mwini wake pokoka. Kumsana sikufika mpeni.

"Khungwa ndi limene limagwira msana," ankatero. "Ukalisenda wauvula, ndipo uta wamaliseche umathyokera m'manja."

Anapempha chinthu chimodzi chokha, ndipo nonse munamva: akadzafa, uta wawo udzalowe nawo m'manda.

Ine ndinali ku Lilongwe, kunyamula matumba mumsika. Sukulu ndinalekera sitandade faifi, kusema ndinalekeranso pakati, ndiye ndinapita kukafuna za kumeneko. Pamene ndinkatsika njinga pakhomo pa amayi, maliro anali ataikidwa dzulo lake. Uta sunalowe m'bokosi. A mpingo anati zimenezo n'zachikunja, ndipo Labisoni, msuweni wanga, mwana wa azakhali, anati muphwa ndiye amatenga za malume ake. Enanu munayang'ana pansi ngati mwataya singano.

Labisoni ali ndi kanyumba kogulitsiramo mowa pamphambano paja. Ndinamupeza akutsuka matambula.

"Wa ku tauni uja ndi uyu," anatero akuseka. "Msuweni, wabwera kudzalira kapena kudzaona zotsala?"

"Uta wa abambo uli kuti?"

Analoza ndi chibwano. Unali pakhoma, pamwamba pa wailesi, koma sindinauzindikire msanga. Unali woyera, wonyezimira ngati mwendo wa tebulo. Khungwa lonse anali atalisenda, n'kupaka vanishi. Pakati pake anakulungapo mphira ya njinga.

"Unali wonyansa, ndaukonza," anatero. "Mphirayo usadabwe nayo. Wina anaukoka Loweruka ataledzera, unangoti thyo. Mitengo yakale imatero."

"Unawamva abambo zimene ananena."

"Ndinawamva. Ananenanso kuti mvula ibwera msanga chaka chino, waiona? Khala pansi umwe kamodzi, nkhope imeneyo ithamangitsa makasitomala."

Sindinamumenye. Mpaka lero sindidziwa chimene chinagwira dzanja langa.

Ndinapita kwa a Dzonzi, mkulu wa adzukulu okumba manda, munthu amene sachita mantha ndi maliro kapena ndi amoyo. Anandimvetsera akupera fodya wawo. Kenako anati wothyoka uja watha ntchito, koma mwana akhoza kusema wina n'kukauika pamtumbira usanafike mwambo wa kumeta kwachiwiri.

"Ngati m'manja mwakomo munatsala kanthu kupatula matuza a matumba," anatero. "Ukamaliza ubwere nawo kwa ine. Kumanda salowa munthu yekha ngati akupita kuchimbudzi."

Mpangala wowongoka ndi wosowa. Wambiri ndi wokhota ndiponso waminga. Ndinayenda masiku atatu m'mphepete mwa phiri, ndipo tsiku lachitatu ndinaupeza m'khwawa, uli pakati pa anzake, wowongoka chifukwa cholimbirana dzuwa. Kunenepa kwake ngati mkono wanga. Ndinaudula bwino, ndikuteteza khungwa, ndinasadza minga, n'kuusenza paphewa.

Linali dzuwa la paliwombo, la mwezi wa Okutobala, loti ngakhale mbalame zimakhala chete. Njira ya m'khwawamo ndi yopapatiza. Kutsogolo kwanga ndinaona munthu atakhala pachitsa, wandifulatira, chipewa cha mlaza chitatsikira m'khosi. Ndinati wawa. Sanatembenuke. Ndinalambalala, ndipo nditamupitirira pang'ono anayankhula ndi mawu apansi.

"Wausenza chozondoka."

Ndinaima. Zinali zoona. Tsinde linali kutsogolo, nsonga kumbuyo. Abambo ankati mtengo wa uta umalowa m'mudzi monga unkakulira, nsonga patsogolo, kuti usaiwale kumwamba kwake. Ndinali nditaiwala zimenezo kwa zaka khumi. Ndinautembenuza paphewapo, ndipo potembenuka kuti ndithokoze, pachitsa panalibe munthu. Udzu unali wouma gwa, woti ngakhale buluzi akadutsa umamveka. Sindinamve kanthu. Panali chabe kafungo ka mafuta a nsatsi.

Amayi sindinawauze. Ndinang'amba mtengowo pakati ndi nkhwangwa, ndinasankha mbali yopanda mfundo, n'kuipachika kudenga la khitchini kuti iume ndi utsi. Inakhala kumeneko milungu inayi. Pa milungu imeneyo nkhuku za amayi, zimene zinkaikira mazira kuseri kwa mafuwa, zinasiya kulowa m'khitchinimo. Zinkafika pakhomo, n'kupendeka mitu, n'kubwerera.

Utauma ndinayamba kusema. Kasemasema wa abambo anali atapita ndi Labisoni, ndiye ndinabwereka wina kwa osema mipini. Ndinkakhala pakhonde la khitchini, ndikutsitsa mimba ya uta pang'onopang'ono, kuchokera pogwirira kupita kunsonga. Kasemasema akatha ntchito yake pamabwera mpeni, ndipo mpeni ukatha pamabwera galasi la botolo losweka, lopalira mopepuka. Ukapala kangapo umapondetsa nsonga pansi n'kuukankha ndi bondo kuti uone mmene ukupindikira. Mbali ziwirizo ziyenera kugonja mofanana. Imodzi ikauma khosi, inzakeyo imasenza katundu yense mpaka kuthyoka.

Wanga mbali yapansi inali youma khosi. Ndinkapala, osasintha. Ndinkapalanso, osasintha. Tsiku lina ndinatopa, ndinausiya pamphasa, mpeni kudzanja lamanja monga ndimachitira, n'kupita kuchitsime kukamwa madzi. Pobwera ndinapeza mpeni uli kumanzere kwa uta.

Ndinati mwina ndi amayi. Koma amayi anali kudimba chiyambire m'mawa.

Mawa lake ndinaika dala mpeni ndi galasi kumanja, ndinatsamiritsa uta kukhoma, n'kupita kuseri kwa nyumba kukakhala pansi pa mango. Panapita nthawi. Kenako ndinayamba kumva. Kwee. Kwee. Kupala kwa galasi pamtengo wouma, kosafulumira, kokoka patali, n'kupuma, n'kuyambanso. Ine ndimapala mothamanga ngati wokanda mphere. Kupala kumeneku kunali kwa munthu amene alibe kopita.

Ndinadzuka mwakachetechete. Nditangofika pangodya ya nyumba, kunasiya. Pakhonde panalibe munthu. Uta unali utagona pamphasa, galasi kumanzere, ndipo pansi panali timapalo topotana, tatitali ngati tsitsi la chimanga. Anga amakhala aafupi, oduka. Ndinayang'anitsitsa pamimba pa uta. Mizere ya galasi inali yopendekera mbali ina, osati mmene limayendera dzanja langa. Abambo anali amanzere.

Ndinaupondetsa pansi n'kukankha ndi bondo. Mbali zonse ziwiri zinagonja mofanana.

Madzulo ake amayi anaona timapalo tija ndisanasese. Anawerama, anatola kamodzi, anakatambasula pakati pa zala. 

"Yotamu," anatero, "ukamachoka pakhondepa uzisiya kampando. Bondo lija linkawavuta kukhala pamphasa."

Sitinalankhulenso za izo. Kuyambira tsiku limenelo ndinkasema m'mawa, dzuwa likakwera ndinkasiya kampando n'kuchoka. Nthawi zina ndinkapeza pakonzedwa pamene ndinalakwitsa. Nthawi zina sindinkapeza kanthu. Tsiku limodzi mpeni wanga unaterereka n'kukanda khungwa la kumsana, kachilonda kochepa ngati chikhadabo. Tsiku limenelo pobwera ndinapeza mpeni kulibe. Ndinaufuna ponseponse. Unapezeka patatha masiku awiri, utabayidwa mu udzu wa denga, pamwamba poti ine sindifika popanda kukwera pamtondo. Ndili mwana, ndikaseweretsa mpeni, ankaubisa pomwepo.

Mukuganiza kuti ndinkaopa? Poyamba inde. Koma kenako mtima wanga unayamba kunena zina. Ndinkati, taonani, munthu uyu sanagone. Anamuchita chipongwe, ndipo wabwera yekha kudzasema chida chake. Ndikamva kwee, kwee kuseri kwa nyumba, ndinkaona nkhope ya Labisoni akutsuka matambula.

Pamene ndinakatenga mpeni mu udzu muja, dzanja langa linakhudza zinthu zina ziwiri zimene Labisoni sanazione. Nsinga ya chikopa cha gwape, yopota bwino, yokulungidwa m'kansanza. Ndi muvi umodzi wa bango, wa nthenga za nkhanga, chitsulo chake chopanda dzimbiri.

Ndinawamba nsonga za uta pamakala kuti zikhote pang'ono, ndinasema mokolera nsinga, ndinaupaka mafuta a nsatsi kumimba ndi kumsana mpaka khungwa linada. Kenako ndinaukunga. Nditaikhudza nsinga ndi chala inalira ngati njuchi ili m'chigubu. Ndinapita nawo kwa a Dzonzi.

Anaulandira ndi manja awiri. Anauyang'ana kumsana, anauyang'ana kumimba, anatsata mizere ija ndi chala chachikulu. Anandiyang'ana ine, anayang'ana dzanja langa lamanja, koma sanafunse.

"Wabwino," anatero. "Tsopano masula nsingayo."

"Uta wopanda nsinga ndi ndodo, agogo."

"Ndodo imeneyo ndi imene timapereka. Wakufa timampatsa uta wogona, wopanda nsinga, wopanda muvi, kuti adziwe kuti ulenje watha, apume. Ukampatsa wokunga wamuuza kuti adzuke akasake. Ndipo wakufa akamasaka safuna gwape."

"Amafuna chiyani?"

"Amafuna amene ali naye kumtima. Iwe ndi ine sitidziwa kuti ndi ndani." Anandibwezera uta. "Lachisanu m'mawa ubwere, tikalowe limodzi. Nsingayo ukawapatse amayi ako amangire nkhuni."

Ine ndinkadziwa kuti ndi ndani. Mudzi wonse unkadziwa. Ndani anasenda khungwa? Ndani anapachika uta wa munthu wamkulu pamwamba pa wailesi kuti zidakwa ziziukoka?

Sindinadikire Lachisanu. Lachitatu masana kunali mpira kusukulu, ndipo mudzi wonse unakhamukira kumeneko, ndi a Dzonzi omwe. Ndinakulunga uta m'chiguduli, muvi ndinaubisa m'malaya, n'kulowa kumanda ndekha.

Inu amene simunalowemo popanda maliro simudziwa mmene msitu uja umakhalira. Kunja dzuwa likuswa mtengo, mkatimo kuli kachisanu. Phokoso la kumpira linandiperekeza mpaka pamitengo yoyamba, kenako linangoti zii ngati wina watseka chitseko. Mtumbira wa abambo unali udakali wofiira, nkhata za maluwa zitauma pamwamba.

Ndinadula timitengo tiwiri ta mphanda, ndinatizika pamtumbira, n'kugonekapo uta uli wokunga, msana wake utaloza kum'mawa, kumphambano, kumene kuli kanyumba ka Labisoni. Muvi ndinauika pansinga. Kenako ndinagwada.

"Abambo, ndine Yotamu. Uta wanu ndi uwu. Mwausema nokha, mukuudziwa. Amene anakulakwirani mukumudziwanso. Ine sindinena zambiri."

Palibe chinayankha. Tsamba silinagwedezeke. Koma potuluka ndinkamva kumsana kwanga monga umamvera munthu akakuyang'ana uli kudya.

Ndinapeza amayi akupeta nyemba. Anayang'ana pakhonde pamene uta unkatsamira, anayang'ana mawondo anga ofiira ndi dothi, lichero linaima m'manja.

"Nsinga ija ili kuti?"

Ndinawerama n'kuyamba kusansa dothi m'mawondo.

"Ndikufunsa iwe. A Dzonzi anandiuza kuti ubwera nayo kwa ine."

"Ili pamalo pake. Labisoni aone zimene anaziyamba."

Amayi anaika lichero pansi pang'onopang'ono. Sanakweze mawu. Akanakalipa bwenzi zili bwino.

"Labisoni," anatero. "Iwe ukuganiza kuti bambo ako ankamuwerengera Labisoni? Ankamutcha nkhuku yoweta galu, munthu wongomuseka basi. Uta uja akanauseka, n'kusema wina. Miyezi iwiri anagona pamphasa iyo, mwana wanga. Labisoni yemweyo ndi amene ankawanyamula panjinga kupita nawo kuchipatala, akudandaula njira yonse, koma ankawanyamula. Dzina lake sanalitchule n'kamodzi komwe. Ankatchula lako."

"Uthenga unandipeza mochedwa."

"Unakupeza katatu. Woyamba unati ubwera mwezi ukatha. Wachiwiri unati ntchito yachuluka. Wachitatu sunayankhe. Tsiku lomaliza anandiuza kuti ndiwakhazike pakhomo ayang'ane kunjira. Anakhala pamenepo kuyambira m'mawa, akuti mwana uja ndinamusiyira pakati, sadziwa kumaliza mbali yapansi. Dzuwa litapendeka anati, ndigonekeni, sabwera. Mawu awo omaliza ndi amenewo."

Ndinafuna kunena kuti matumba sadikira munthu, kuti ku tauni ukachoka malo ako amatenga wina. Ndinali nditanena zimenezo mumtima kambirimbiri, ndipo zinkamveka bwino. Pamaso pa amayi zinakana kutuluka.

Nthawi yomweyo tinamva kulira kwa njuchi m'chigubu. Kunali kutali, kochokera kumsitu, koma kunafika bwinobwino mpaka m'mano. Nkhuku zonse zinathawira pansi pa nkhokwe.

"Pita ukadule," anatero amayi. "Thamanga."

Ndinatola mpeni n'kuthamanga. Dzuwa linali lisanalowe, anthu anali akubwera kumpira akuimba, ndipo ena a inu munandiona ndikudutsa m'munda mwa a Nankhoma ngati wamisala. Munaseka. Ndinakumvani.

Mumsitu munali mutayamba kuda. Nditafika pamtumbira ndinapeza zinthu zitasintha. Timitengo ta mphanda tija tinali titazulidwa n'kuzikidwanso mbali ina, mwaukhondo, dothi litatsenderedwa bwino m'munsi. Uta sunalinso kuloza kumphambano. Msana wake unaloza kumadzulo, kunjira imene ndinadzera, kunyumba ya amayi kumene ndimagona. Nsinga inali ikunjenjemera yokha, kutsala pang'ono kuima.

Sindinayang'ane kuseri kwa mtumbira. Kunali kanthu kumeneko, kakuda kuposa mthunzi wa mitengo, kotalika ngati munthu wokhala pansi atatambasula mwendo umodzi. Ndinakaona ndi ngodya ya diso, ndipo ndinadziwa kuti ndikayang'anitsitsa sindidzatulukamo. Ndinakwawa ndi mawondo, maso ali pansi, ndinagwira uta ndi dzanja limodzi. Pogwirira panali pofunda.

"Abambo, ndabwera," ndinatero. "Ndachedwa, koma ndabwera."

Ndinadula nsinga. Uta unadziwongola mwamphamvu n'kundimenya pachifuwa, kenako unagona phee pamtumbira. Pamenepo m'pamene ndinayamba kufuna muvi. Pansinga panalibe. Pamtumbira panalibe. Ndinapapasa m'masamba mbali zonse mpaka mdima unandithamangitsa.

M'mawa mwake ndinakaulula kwa a Dzonzi. Anandilipitsa nkhuku chifukwa cholowa ndekha, anandinena mawu amene sindingabwereze pano pali amayi. Kenako anatenga adzukulu anayi, ndipo tinafuna muvi uja masiku atatu. Tinayang'ana m'makungwa a mitengo yonse ya mumsitu, m'minda ya pakati, m'madenga, m'khoma la nyumba ya amayi. Muvi wa nthenga za nkhanga subisala m'munda wolimidwa. Sitinaupeze.

Tsiku lachitatu a Dzonzi anakhala pachulu n'kutulutsa fodya wawo.

"Tisiye," anatero. "Muvi ukagwa umapezeka. Umene sukupezeka ndiye kuti sunagwe."

"Ndiye uli kuti, agogo?"

"Uli m'njira."

Kumeta kwachiwiri kunachitika, mowa unaphikidwa, munavina. Kupala kuja sikunamvekenso pakhonde, nkhuku zinabwerera m'khitchini, ndipo amayi akuti abambo anagona. Mwina anagonadi. Koma muvi ukachoka pansinga, ngakhale mwini wake sangaubweze. Labisoni akunenepa, wawonjezera chipinda china pa kanyumba kake. Ine ku Lilongwe sindinabwererenso. Kumeneko kuli anthu ambiri, mumsika mumayenda mogundana mapewa.

Ndimaumva. Osati tsiku lililonse. Ndikakhala pamtetete, kumunda kapena panjira ya kuchigayo, mphepo ikangoti zii, kumabwera kamluzu ka nthenga kuchokera kumsitu. Chaka chatha kankamveka ngati udzudzu uli kutsidya kwa dambo. Chaka chino ndimamva ndi kuzungulira kwake komwe.

Sindinakukhululukireni, musaganize choncho. Munayang'ana pansi tsiku lija, ndipo ndidzanena zimenezo mpaka tsiku limene udzandipeze. Koma inu amene mwakhala kumbuyo kwangaku, ndi mwana ali pamiyendoyo, nyamukani mukakhale uko. Abambo akalasa gwape, muvi unkatulukira mbali inayo.